Mphoto Imene a Wailesi Anaithawa

A Wailesi anali wometa, koma aliyense amene anakhalapo pampando wawo angakuuzeni kuti kumetako inali ntchito yapambali chabe. Ntchito yeniyeni inali kulankhula. Kachipinda kawo kanapanikizika pakati pa sitolo ya utoto ndi kashopu ka wokonza mawotchi. Munali mipando iwiri, benchi yogwedera, galasi long'aluka pakona ndi chitini cha paudala chimene sichinkatha. Wailesi yeniyeni munalibe. Ikanalankhula nthawi yanji? Munthu ankalowa kudzangopala ndevu, n'kutuluka dzuwa litapendeka, nthiti zikuwawa ndi phwete, atatsutsidwa pa nkhani ya mpira, pa mtengo wa sopo, ngakhale pa matenda a m'thupi lake lomwe. Ukati kunja kukutentha, iwo ankati ayi, kukuzizira, ndipo pomaliza kumeta khosi unkapezeka ukufunafuna juzi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatha kuithimitsa wailesiyi. Anali akazi awo, mayi wa mawu ochepa, amene ankasita zovala pamalo ena ochapira kuseri kwa msika. Bambo akayamba kukometsera nkhani patebulo, kuti lero ameta munthu wa mutu waukulu moti makina anatentha mpaka kuwapumitsa pakati, mayi ankadikira mpaka nkhaniyo ifike pokoma penipeni, kenako n'kuika supuni pansi.

"Bodza limenelo, bambo."

Pamenepo a Wailesi ankakweza manja onse m'mwamba. "A Jaji agamula! Koma ndichita apilo."

Dzina la a Jaji silinkatuluka pakhomo. Kuntchito anali mayi wosita basi. Anansi obwera kumene ankamva phokoso la m'nyumbamo n'kumanong'onezana kuti banja ili silifika patali. Sankadziwa kuti anthu awiriwa kukangana ndiye kunali kudya kwawo, ndipo anadya choncho mpaka onse kumera imvi.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina a Wailesi ali pakati pometa kasitomala, nkhani ili m'kamwa, makina anapulumuka m'dzanja lawo n'kugwa pansi akadali kulira. Kasitomalayo anayamba waseka poganiza kuti ndi nthabwala ina. Atayang'ana pagalasi anaona pakamwa pa wometa wake patapotokera mbali imodzi. Anathamanga kukaitana anthu, mutu wake uli wometa theka.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. A Wailesi anabwerako ndi moyo, koma dzanja lamanja linali lende, mwendo ukukwekwereza, lilime litalemera. Nkhanza ya matendawa inali pakuti nzeru zonse anawasiyira. Mawu ankanyamuka m'mutu ali bwinobwino, akuthwa ngati kale, koma pofika pamilomo anali atasungunuka, ndipo malovu ndi amene ankatsogola. Obwera kudzazonda ankawalankhula mokuwa ngati akulankhula ndi wosamva. Bambo akayesa kunena kanthu, alendowo ankagwedeza mitu msangamsanga: "Eya, eya, zoonadi bambo, zoonadi." Tangoganizani, munthu amene anakhalira moyo kutsutsidwa, lero aliyense akumuvomera asanamve n'komwe chimene wanena!

Mayi nawonso anafewa. Chikondi ndi chimene chinawafewetsa, palibe angawadzudzule. "Ndikusunthireni pilo? Madziwa atentha kwambiri? Musavutike kulankhula, ndamva." A Wailesi anamveradi. Anasiya kuvutika. M'nyumba muja munangoti zii, moti mayi anayamba kumva kulira kwa wotchi ya pakhoma imene anakhala nayo zaka zonsezi osadziwa kuti imalira.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, ndi amene anabweretsa zinthu ziwiri. Anabweretsa zidebe zodzalamo tomato, chifukwa adokotala anati dzanja lotsalalo lizipatsidwa chochita. Anabweretsanso foni yake yakale, kuti bambo aziona zithunzi za adzukulu. Zidebezo anazindanda pakhonde. Bambo anaziyang'ana kamodzi n'kutembenuka, ndipo kuyambira tsiku lomwelo wothirira anali mayi, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Koma foni ija anaitenga.

Patapita miyezi, mwanayo anawaimbira amayi ake pa nthawi ya nkhomaliro. "Amayi, ndakutumizirani kanthu. Tsegulani muone amuna anu zimene akuchita."

Linali tsamba la pa intaneti, lija achinyamata amati bulogu. Mwini wake anali mtsikana wina wokhala m'nyumba yalendi yopanda bwalo, amene ankalima ndiwo m'zidebe, m'matumba ndi m'matayala akale n'kumalemba zimene waphunzira. Owerenga anamutcha Nazidebe. Pansi pa nkhani iliyonse panali malo oti anthu alembepo ndemanga. Tsiku limenelo Nazidebe analemba kuti makoko a mazira amathandiza tomato, ndipo pansi pake panali ndemanga ya munthu wodzitcha Wailesi:

"Mwana wanga Nazidebe, makoko a mazira ndinathira monga munanenera. Tomato wanga sanabereke, koma lero m'bandakucha ndamumva akulira kokoliliko. Ndimuzinge kapena ndimupezere thadzi?"

Mayi anakhala pa mtolo wa zofunda za eni ake. Anaseka, kusekako kunasanduka kulira, kulirako kunabwereranso kukhala kuseka, mpaka mnzawo wopinda zovala anathamanga kudzadzutsa simbi imene inayamba kununkhitsa nsalu. Sanali mawu ofanana ndi a amuna awo. Anali amuna awo enieni, ndi kakupuma kawo kaja asanaponye mawu omaliza. Munthu amene ankaganiza kuti anatsala kuchipatala anali pano, wamoyo, akunama monga mwa masiku onse.

Kuyambira pamenepo mayi anayamba kuonetsetsa mmene ndemangazi zinkabadwira, ndipo zimene anaona zinawagwiritsa pakamwa. Bambo ankatsamiritsa foni pa kapu ya tiyi. Ankakoka dzanja lakufa lija n'kuliika pamwendo kuti lisasokoneze. Kenako chala chimodzi cha kumanzere, dzanja limene moyo wawo wonse linkangogwira chipeso, chinkanyamuka chikunjenjemera, n'kugunda chilembo cholakwika. Kufufuta. Kuyambiranso. Thukuta linkatsika m'masaya, kansalu kopukutira pakamwa kali paphewa. Nthabwala imene kale akanaiponya pakati pa kutseka ndi kutsegula sizasi inkawatengera m'mawa wonse. Koma ukaiwerenga, sunkaonamo thukuta ngakhale dontho. Inkaoneka ngati yangogwa yokha m'kamwa mwa munthu wopanda nkhawa. Mayi anaonapo anthu amphamvu, onyamula matumba pamsika ndi okumba zitsime, koma mphamvu ngati ya chala chimenechi anali asanaionepo. Nthawi zina ankaima pakhomo atanyamula beseni, kuiwala kumene amapita.

Patsamba paja panalibe wodziwa za sitiroko, ndipo kukoma kwake kunali pamenepo. A Wailesi ankatama "munda wanga waukulu" umene ankati kuuzungulira n'kofunika njinga. Anthu ankawabwezera mosawanyengerera. "Mdala iwe ndiwe wabodza." "Wailesi, tatsitsa voliyumu." Mphunzitsi wina wopuma ntchito ankalimbana nawo pa nkhani ya manyowa sabata yathunthu. Masiku oterowo bambo ankamaliza chakudya chonse m'mbale.

Mayi sanawauze kuti amawerenga. Ankaopa kuti zingakhale ngati mbalame imene yatera pawindo, ukangosuntha yauluka. Ankawerenga kuntchito, simbi ikuzizira, n'kubwerera kunyumba kudzafunsa mofatsa ngati pilo ali bwino.

Ndiye tsiku lina Nazidebe anafunsa owerenga ake funso. Anati owerenga ndi ambiri koma olemba ndemanga ndi ochepa, ndipo ogulitsa mbewu amene angafune kutsatsa malonda patsambali amayang'ana kuchuluka kwa ndemanga. Kodi nditayamba kupereka mphoto kwa olemba ndemanga, kungakhale kulakwa? Anthu anagawanika. Ena anati kupatsa n'kuika, mwana wachita bwino kuganizira anthu ake. Mphunzitsi uja anati munthu akataya nthawi yake kukulembera, kumuthokoza ndi kanthu si tchimo. A Wailesi anatha tsiku lonse akugogoda, ndipo madzulo panatuluka izi:

"Ine ndameta anthu moyo wanga wonse. Ankalipira tsitsi, nkhani zinali zaulere mbali zonse ziwiri. Tsiku limene ndikanayamba kupatsa munthu kanthu kuti andiyankhe, ndikanadziwa kuti nkhani zanga zasasa. Zanu sizinasase, mwana wanga. Zisiyeni."

Nazidebe anathokoza mwaulemu, n'kuchita zimene anali ataganiza kale, monga amachitira ana onse. Anayamba kupereka mayunitsi a foni sabata iliyonse. Walira mvula walira matope. Kunagwa chinamtindi cha anthu amene sanaonepo chidebe chikumera kanthu. "Zabwino." "Ndafika." "Nambala yanga ndi iyi." Tsiku limene mtsikanayo analemba modandaula kuti mbozi zamuthera kabichi yense, ndemanga zinali mbwee: "Zokongola kwambiri, pitirizani!" Kuti upeze mawu a munthu amene wawerengadi, unkachita kufukula.

Pofuna kukonza zimenezi, Nazidebe analengeza mphoto ina yaikulu, ya wolemba ndemanga zogwira mtima kuposa onse. Inali kheni yothirira yachitsulo, yatsopano. Anawonjezera kuti adzakapereka yekha kunyumba kwa wopambana, adzaone munda wake, ndipo adzajambula vidiyo akucheza naye kuti aliyense amve mawu ake. Owerenga akale sanadikire n'komwe kuvota. Onse anangoti, "Wailesi! Tikufuna timve Wailesi!"

Mayi anawerenga zimenezi kuntchito. Anadziwa chimene vidiyoyo idzaonetse: pakamwa popotoka, kansalu paphewa, mawu osungunuka. Anadziwanso chimene chidzatsatire. Sipadzakhalanso wonena kuti mdala iwe ndiwe wabodza. Padzakhala "pepani bambo," "mupeze bwino bambo," "zoonadi bambo." Malo amodzi okha amene amuna awo anali munthu wathunthu adzasanduka chipinda china cha odwala.

A Wailesi anayesa kuithawa mphotoyo mwa nzeru zawo. Anaganiza zolemba ndemanga zozizira kuti agonje. Pansi pa nkhani ya anyezi analemba kuti, "Zabwino." Pansi pa ya tsabola, "Ndafika." Koma mbiri ya munthu ndi katundu wovuta kutula. Owerenga anafa nalo phwete, amvekere mdala uja akunyogodola osaka mayunitsi, iyi ndiye nthabwala ya chaka! Mavoti anachita kusefukira. Munthu anapambana mpikisano akuthawa.

Tsiku limenelo mayi pofika kunyumba anapeza kapu ili yokha patebulo. Foni inali m'dirowa, yozimitsa, pamodzi ndi masizasi akale ndi zipeso. Bambo anali atatembenuzira mpando kukhoma. Chakudya anangochilawa. Wotchi ija inayambanso kumveka.

Masiku anapita. Patsamba paja Nazidebe ankaitana, "A Wailesi, muli kuti? Kheni yanu ikudikira." Mphunzitsi analemba kuti wasowa womutsutsa, manyowa sakukomanso. Mayi ankatsegula foni pa nkhomaliro iliyonse, osapezamo kanthu, n'kubwerera ku simbi. Ulendo woyamba mawu a amuna awo anawalanda ndi matenda, ndipo analibe chochita. Ulendo uno ankawalanda ndi mphatso, yoperekedwa ndi mtima wabwino, iwo akuonerera.

Mwana wawo anaimba foni. "Amayi, bwanji tingomulembera mtsikanayo kumbali, timuuze zoona? Anthu amvetsa."

"Kumvetsako ndi kumene akuthawa bambo ako," anatero mayi. "Tonse tinawamvetsa. Ine ndinawamvetsa kuposa aliyense. Taona mmene tawachitira."

Anadabwa ndi mawu awo omwe. Atadula foni anakhala nawo mawuwo masana onse, akusita malaya a anthu osawadziwa, kolala, mikono, msana. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anawatsutsa amuna awo pa kanthu kalikonse. Chichokereni bambo kuchipatala, tsiku lotero silinapezeke.

Tsiku lawo lopuma litafika, atatsuka mbale za masana, mayi anakhala pakampando ka kukhitchini n'kutsegula tsamba la Nazidebe. Anali asanalembepo ndemanga chibadwire. Pofunsidwa dzina analemba kuti Wothirira. Kenako analemba:

"Mwana wanga Nazidebe, kheniyo musaiwononge. Wailesi ameneyu ndimamudziwa bwino. Chibadwire sanathirirepo kanthu. Munda waukulu umene amautama pano ndi zidebe zitatu, china chobooka, ndipo wothirira ndine m'mawa uliwonse iye akuliza mkonono. Wabisala chifukwa akuopa kuti mudzauona mundawo. Munthu ameneyu ndi pakamwa pokha."

Pa mawu omalizawo chala chawo chinaima. Kunena zimenezi za munthu amene pakamwa pake panafa! Anafufuta. Kenako anawabwezeretsa, chifukwa ndi zimene akanawauza kale popanda kuganiza kawiri. Pansi pake anawonjezera mzere umodzi: "Bodza limenelo, bambo." Anatumiza.

Analowa kuchipinda chochezera, natsegula dirowa, nayatsa foni ija, nafika nayo patsamba lija, naitsamiritsa pa kapu. Anagwira mpando wa bambo n'kuutembenuza kuti uyang'ane tebulo, osafunsa ngati akufuna.

"Kuli munthu akukunyozani uko," anatero, ndi mawu awo akale aja, ouma. "Mukhala choncho?"

Sanadikire kuona nkhope yawo. Anabwerera kukhitchini n'kuyala bulangete patebulo, nayamba kusita zovala zimene anali atasita kale dzulo lake. Bwanji ngati awabaya pabala? Bwanji ngati munthuyo akulira kuseriko, ndipo wamuliza ndi mkazi wake yemwe? Kuchipindako kunali chete. Dzuwa limene linali pakhomo linasuntha n'kukwera khoma. Mayi anasita siketi imodzimodziyo mpaka inayamba kunyezimira.

Kenako anamva. Kachikhadabo kakugunda pagalasi la foni. Go. Chete. Go, go. Chete wautali, ndiye kufufuta kumeneko. Go. Mayi anadzutsa simbi n'kuima chilili, kuopa ngakhale kupuma mokweza. Kugogodako kunapitirira mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamsewu, ana a anansi n'kuyamba kuitanidwa kukasamba.

Foni ya mayi inanjenjemera m'thumba la epuloni.

"A Jaji, mwagamulanso mlandu osamva mbali yanga, monga mwa chizolowezi chanu. Zidebe si zitatu, ndi zinayi. Chachinayi munaba n'kumachapiramo. Za mkonono tidzakamba pali mboni. Nazidebe mwana wanga, kheniyo mupatseni mayi ameneyu, adzaitengere komweko. Kuno musabwere, angakuthirireni nanunso. Ndipo a Jaji, ndinkadziwa kuti mumawerenga. Munthu sachoka kosita zovala tsiku lonse akumwetulira yekha mumsewu. Nanga munachedweranji kundiyankha? Ndachita apilo."

Mayi anawerenga kawiri. Pa "munachedweranji" zilembo zinayamba kusambira, ndipo anapukuta maso ndi siketi yosita ija. Chichokereni kuchipatala, aka kanali koyamba kuitanidwa ndi dzina lawo la m'nyumba.

Anapita kukaima pakhomo la chipinda. Bambo anali atatopa ngati munthu amene walima tsiku lonse, malaya atanyowa pamsana. Koma theka la nkhope limene linkamvera linali kuseka, ndipo dzanja lamanzere linali m'mwamba, lokhalokha, kumene kale kunkakwera awiri.

"Apilo yakanidwa," anatero mayi. "Chidebe chachinayi chinali changa musanandikwatire n'komwe."

A Wailesi anatulutsa kamkokomo kosamveka bwino, natambasulira chala chawo ku foni.

Nazidebe sanabwere. Anaseka ndi owerenga ake, napereka kheniyo kwa mayi pa geti la kuntchito kwawo, ndipo za mphoto anadzazisiya mayunitsi atamutopetsa. Osaka mphoto anabalalika, otsutsana akale anabwerera. Mpaka lero patsambalo palibe akudziwa kuti ndemanga za Wailesi zimalembedwa ndi chala chimodzi. Kheni ija ili pakhonde, ndipo wothirira sanasinthe. Chimene chinasintha ndi chimene anansi amamva akamadutsa madzulo. M'nyumbamo mumamveka mawu a munthu mmodzi yekha, mayi, akukangana mwamphamvu. Kenako pamakhala chete wautali, wautali ndithu, woti mlendo angaganize kuti nkhani yatha. Mayi amadikira, ngakhale mphika ukupserera. Ndiyeno mumamva supuni ikugwa patebulo.

"Bodza limenelo, bambo!"